Kusankha ndi kuyala zilembo zonenepa, zopapatiza pa mitu ya nkhani ndi pa logo

Aliyense amene anayalapo mutu wa nkhani pa posita, pa chikuto cha magazini kapena pa chithunzi choika pa intaneti amalidziwa vuto ili: mawu ndi aatali, malo ndi ochepa, komabe mutuwo ukufunika kuonekera patali. Mukakulitsa zilembo, mawu akusefukira kunja kwa tsamba. Mukazichepetsa kuti zikwane, mutu ukuzilala mpaka kufanana ndi nkhani ya m'munsi. Zilembo zonenepa koma zopapatiza zinabwera chifukwa cha vuto lomweli. Ndi zazitali, zochindikala, ndipo chilichonse chimadya malo ochepa m'mbali, kotero mawu aatali amakwana pa mzere umodzi mphamvu yake ilipobe.

Zinayamba kale. Osindikiza maposita a m'zaka za m'ma 1800 ankazifuna kwambiri, ndipo popeza zilembo zazikulu zachitsulo zinali zolemera komanso zodula, anayamba kuzisema pa matabwa. Darius Wells wa ku New York anatulutsa kabuku kotsatsa zilembo zamatabwa mu 1828. Mu 1903 Morris Fuller Benton anajambulira kampani ya American Type Founders zilembo za Alternate Gothic, zomwe zinatuluka m'mitundu itatu yosiyana m'lifupi, nambala 1, 2 ndi 3, kuti woyala mutu asankhe umene ukukwana pa danga lake. Mafonti (mitundu ya zilembo ya pa kompyuta) ena amene timatsitsa pa intaneti lero anachokera m'banja lomweli.

Pa masitepe onse ali m'munsimu, diso lanu likhale pa malo oyera amene atsala inki itadya mbali yake: timipata ta m'kati mwa chilembo, ndi mipata ya pakati pa chilembo ndi chinzake. Zilembo za mtundu uwu zili ndi poyera pochepa kwambiri, ndiye pochepa pomwepo pakatsekeka, mutu umangokhala chinthu chakuda bii chimene munthu sangachiwerenge.

1. Yambani ndi mawu, fonti ibwere pambuyo

Lembani mutu wanu pa pepala musanatsegule pulogalamu iliyonse, ndipo muwerenge kuti muli mawu angati. Zilembo izi zimachita bwino pa mawu awiri, atatu, mwina mpaka asanu. Zikadzaza mizere inayi kapena isanu, mizere yake yoimirira imachuluka n'kumaoneka ngati mpanda wa nsungwi, diso n'kusowa pogwira.

Mutu ukakhala wautali, uduleni pawiri. Tinene kuti mwapatsidwa mawu akuti "Mpikisano waukulu wothamanga wa achinyamata uchitika Loweruka lino". Musawaunjike onse m'zilembo zonenepa. Afupikitseni kukhala awiri amphamvu, TITHAMANGE LOWERUKA, akhale aakulu, otsalawo apite m'kamutu kakang'ono m'munsi ndi fonti wamba. Kenako pezani liwu lalitali kuposa onse, chifukwa ndi lomwe lidzalamule kukula kwa mutu wonse. Apa ndi TITHAMANGE, zilembo 10.

Dzifunseninso kuti wowerenga adzaima pati. Olemba zikwangwani ali ndi kawerengedwe kongoyerekeza: chilembo chitalike inchi imodzi pa mafiti 10 aliwonse a mtunda, komwe kuli pafupifupi masentimita 2.5 pa mamita 3. Chikwangwani chowerengedwa pa mtunda wa mamita 30 chikufuna zilembo za masentimita pafupifupi 25. Pa zilembo zopapatiza onjezeraniko, popeza munthu akakhala patali kapena akamayang'ana chammbali, chimene chimayamba kumusowa ndi timipata ta m'kati tija.

2. Musafinye fonti wamba

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimaonongekera, ndipo ndikhalapo pang'ono. Munthu amalemba mutu ndi Arial Black kapena fonti ina yonenepa, amaona kuti sukukwana, amagwira kabokosi ka m'mbali ndi mausi n'kufinya mpaka ukwane. Pa sikirini zimaoneka ngati zatheka. Koma onetsetsani chilembo H kapena E.

Wojambula fonti amapanga mizere yoimirira kukhala yochindikala pang'ono kuposa yopingasa, chifukwa diso la munthu limaona mzere wopingasa ngati wonenepa kuposa mmene ulili. Tiyerekeze kuti pa H wanu mizere yoimirira ndi mamilimita 10 ndipo wopingasa ndi mamilimita 8. Mukafinya m'mbali kufika pa 60 peresenti, yoimirira ija yatsika kufika pa mamilimita 6, koma wopingasa uja wakhalabe pa 8. Zatembenuka. E amaoneka wa miyendo yoonda ndi mikono yotupa, O amanenepa kumwamba ndi kumunsi n'kupyapyala m'mbali, S amapindika mosalongosoka. Wowerenga mwina sangathe kunena chimene chalakwika, koma amaona ndithu kuti ntchitoyo ndi yachibwana.

Fonti yopapatiza yeniyeni inajambulidwa chilembo chimodzichimodzi kuti ikhale choncho. Mizere yoimirira inasungidwa yochindikala, makona a O anakonzedwanso, polumikizira mizere ya M ndi N anapasemako kuti inki isaunjikane. Choncho mukafuna kukulitsa kapena kuchepetsa mawu, gwirani kabokosi ka pakona, ndipo mu mapulogalamu amene amafuna kutero, dinikizani Shift kuti kutalika ndi m'lifupi ziyendere limodzi. Mutu ukapanda kukwana, sinthani fonti kapena dulani mawu.

3. Sankhani mafonti atatu oti muwayese

Pa mndandanda wa mafonti muona mayina monga Narrow, Condensed, Extra Condensed ndi Compressed. Mu CSS, chilankhulo chokonzera maonekedwe a masamba a webusaiti, mayinawa ali ndi manambala ake: semi-condensed ndi 87.5 peresenti ya m'lifupi wamba, condensed ndi 75, extra-condensed ndi 62.5, ultra-condensed ndi 50. Komabe opanga mafonti satsata muyeso umodzi, ndiye Condensed wa banja lina akhoza kukhala wotambalala kuposa Narrow wa banja lina. Khulupirirani maso anu.

Mwa aulere, League Gothic inatulutsidwa ndi The League of Moveable Type mu 2009 potengera Alternate Gothic nambala 1. Ndi yopapatiza kwambiri koma siyonenepa mopitirira, ndiye timipata take timakhala totseguka. Oswald inajambulidwa ndi Vernon Adams mu 2011, ndipo ubwino wake ndi woti ili ndi kulemera kosiyanasiyana, kutanthauza kunenepa kwa mizere, kuyambira ExtraLight kufika Bold, zomwe zimathandiza pamene mukufuna mutu waukulu ndi timitu ting'onoting'ono tochokera m'banja limodzi. Anton, ya Vernon Adams yemweyo, ndi yonenepa zedi ndipo ili ndi kulemera kumodzi kokha. Imafuna mawu ochepa ndi danga lalikulu. Bebas Neue ya Ryoichi Tsunekawa wa ku Japan inatuluka mu 2010, ndipo ili ndi zilembo zikuluzikulu zokhazokha. Ndi yaukhondo, koma yafala kwambiri moti logo yolembedwa nayo osaisintha kalikonse imasowa chimene ingasiyanire ndi anzake. Barlow Condensed ndi yofatsa kuposa onsewa, ndipo imathandiza pamene mawu achulukirapo.

Nanga Impact, imene imapezeka kale pa makompyuta ambiri? Geoffrey Lee anaijambulira kampani ya Stephenson Blake ya ku Sheffield mu 1965, ndipo ndi fonti yolimba bwino. Vuto lake lero ndi loti anthu anaizolowera pa zithunzi zoseketsa za pa intaneti, zilembo zoyera zozunguliridwa ndi mzere wakuda. Pa posita ya chisangalalo ikhoza kugwira ntchito, koma pa logo ya bungwe lofuna ulemu ine sindingaiike.

Mwa ogula, pali Trade Gothic Bold Condensed No. 20 ya m'banja limene Jackson Burke anayamba kujambula mu 1948, Compacta ya Fred Lambert ya mu 1963, ndi Druk ya Berton Hasebe, imene inayambira pa magazini ya Bloomberg Businessweek ndipo imagulitsidwa ndi Commercial Type. DIN 1451 Engschrift ndi yopapatiza ya pa zikwangwani za m'misewu ya ku Germany, yooneka yauinjiniya. Futura Condensed yonenepa ndi imene anthu ambiri amaidziwira pa malonda a Nike.

Posankha, onani chilembo O. Chikakhala ndi mbali zowongoka ngati cha Impact kapena Compacta, mawu amagundana bwino n'kupanga chipilala cholimba, choyenera masewera, nyimbo ndi nkhani zotentha. Chikakhala chobulungira ngati cha Futura, mutu umafewako. Tengani atatu okha. Mukatsegula makumi awiri tsiku lidzatha musanasankhe.

4. Yesani ndi mawu anu enieni

Zithunzi zotsatsira fonti zimalembedwa ndi mawu osankhidwa dala kuti aoneke bwino, ndipo kawirikawiri amakhala Achingerezi. Mawu athu ali ndi khalidwe lina. M, W ndi N zimabwera pafupipafupi, nthawi zambiri moyandikana, ndipo izi ndi zilembo zomwe zimavutika kwambiri zikapanikizidwa. Chilembo I chili ndi mzere umodzi, H ili ndi iwiri yoimirira, koma M ndi W zili ndi mizere inayi yoti ikwane pa kadanga kakang'ono. Fonti ikakhala yonenepa kwambiri, timipata ta m'kati mwa M timatsala ngati timing'alu chabe, ndipo patali M, N ndi H zimayamba kufanana.

Ndiye lembani mzere woyesera monga uwu pa mafonti anu atatu aja, kukula kofanana, umodzi pansi pa unzake: MWAMWAYI NKHWANGWA MPHAMVU KUMWAMBA. Chepetsani chithunzi pa sikirini mpaka mawu akhale aang'ono, kapena tsinzinani pang'ono. Fonti imene MW wake wasanduka chibuluma chakuda ichotseni, ngakhale inali yokongola chotani pa chithunzi chotsatsira.

Chachiwiri, yesani w wa kadenga, wamng'ono ndi wamkulu: ŵ ndi Ŵ. Mu Unicode, mndandanda umene umapatsa chilembo chilichonse nambala yake pa kompyuta, ndi U+0175 ndi U+0174. Popeza chilembochi chimapezekanso m'chilankhulo cha ku Wales, mafonti ambiri opangidwa mosamala ali nacho, koma ambiri aulere ongokongoletsera alibe. Chikasowa, pulogalamu imaika kabokosi kopanda kanthu, kapena imabwereka mwakachetechete chilembocho ku fonti ina, n'kupezeka kuti pakati pa mawu onenepa pali ŵ mmodzi woonda. Ngakhale inuyo simulemba kadengako, tsiku lina kasitomala adzabwera ndi dzina lofuna chilembochi.

Chachitatu ndi nkhodolero. Lembani NG’OMA, M’MAWA, N’ZOTHEKA. Gwiritsani ntchito nkhodolero yopindika, osati kamzere kowongoka kamene kiyibodi imaika, chifukwa pa zilembo zazikulu kusiyana kwake kumaonekeratu. Onaninso kuti mpata wozungulira nkhodoleroyo usakule mpaka NG’OMA kuoneka ngati mawu awiri.

Malizani ndi manambala, makamaka ngati posita idzakhala ndi tsiku, nthawi kapena nambala ya foni. Lembani 0 3 6 8 9 moyandikana, kenako 1, I ndi l. Pa mafonti opanikizika kwambiri kukamwa kwa 3, 6 ndi 9 kumatsala pang'ono kutsekeka, ndipo zonse zimafuna kufanana ndi 8. Chimodzimodzinso C, G ndi O. Nambala ya foni imene 6 wake akuwerengeka ngati 8 ndi posita yotayika.

5. Werengani laisensi musanapitirire

Mafonti ambiri a pa Google Fonts, kuphatikizapo Oswald, Anton, League Gothic ndi Bebas Neue, ali pansi pa SIL Open Font License. Laisensi imeneyi imalola kuwagwiritsa ntchito pa malonda, pa logo, pa mabuku ndi pa webusaiti popanda kulipira. Chimene imaletsa ndi kugulitsa fayilo ya fontiyo payokha. Mukatsitsa kwina n'kuona mawu akuti "free for personal use", dziwani kuti ntchito ya kasitomala kapena ya bizinesi yanu siikuloledwa mpaka mutagula. Mafonti ogula nawonso amagulitsidwa mosiyanitsa: laisensi ya pa kompyuta payokha, ya pa webusaiti payokha, ya mu apu payokha. Ndipo fonti imene inabwera ndi Windows mukhoza kulembera zinthu ndi kusindikiza, koma si yoti mutenge fayilo yake n'kuikweza pa seva ya webusaiti yanu. Sungani fayilo ya laisensi m'foda imodzi ndi ntchitoyo.

6. Zikuluzikulu zokhazokha kapena zosakaniza?

Zikuluzikulu zokhazokha zimapanga mzere wosalala kumwamba ndi kumunsi, wopanda michira ya g, y ndi p, ndiye mizere imatha kuyandikana kwambiri. Pa mawu awiri kapena atatu ndi zabwino. Mawu akapitirira pamenepo, sakanizani zazikulu ndi zazing'ono, chifukwa mitu ya b, d, k ndi michira ya p ndi y imathandiza diso kusiyanitsa mawu msanga.

7. Konzani mipata

Ntchito yeniyeni ili pano, ndipo ndi imene imasiyanitsa mutu woyalidwa ndi munthu wosamala ndi wongotayipa.

Yambani ndi mpata wa zilembo zonse pamodzi, umene mapulogalamu amautcha tracking. Lembani HHH ndi fonti yanu. Yerekezani poyera pa m'kati mwa H ndi poyera pa pakati pa H ndi H mnzake. Mipata iwiriyi iyenera kuyandikana kukula, wa pakati pa zilembo ucheperepo pang'ono. Ukachepa kwambiri, zilembo zimamatana. Ukakula kuposa wa m'kati, mawu amamwazika ndipo phindu lonse la fonti yopapatiza latha. Mu mapulogalamu a Adobe nambala ya tracking imawerengedwa m'magawo 1000 a kukula kwa chilembo. Pa mutu waukulu kwambiri yambirani pa 0, mwina mutsike kufika pa -10. Pa timitu ting'onoting'ono ta zilembo zikuluzikulu kwezani kufika pa +20 kapena +50. Manambalawa ndi poyambira chabe. Chachikulu n'chakuti zilembo zikamachepa, mpata uzikula.

Kenako bwerani pa mpata wa pakati pa zilembo ziwiriziwiri, umene amautcha kerning. Zovuta ndi zimene zili ndi mbali zopendekeka kapena denga lotambalala: A, W, Y, V, T ndi L. Onani mmene zimachulukira m'mawu athu: WA, YA, TA, KWA, LA, AY. Mu liwu ngati KWATHA, pakati pa A ndi T pamatseguka dzenje, pamene T ndi H zikuoneka zoyandikana. Mu Illustrator, InDesign kapena Photoshop ikani kasala, kamzere kophethira kosonyeza pamene mukulemba, pakati pa zilembo ziwirizo, dinikizani Alt ndi muvi wa kumanzere kapena kumanja. Yambani ndi Metrics, yomwe ndi mipata imene wojambula fonti anaikonza yekha. Pitani ku Optical, pamene pulogalamu imayerekeza yokha mipatayo, pokhapokha fontiyo ikakhala yosakonzedwa bwino.

Pali njira ziwiri zoonera ngati mwalondola. Yoyamba, tembenuzani mawuwo chadodolido. Ubongo ukasiya kuwerenga, umayamba kuona maonekedwe okha, ndipo maenje amaonekera msanga. Yachiwiri, bisani zilembo zina ndi dzanja, muziona zitatu zokha nthawi imodzi: KWA, kenako WAT, ATH, THA. Chapakati chizioneka kuti chaima pakati penipeni pa anzake awiriwo.

Mpata wa pakati pa mawu nawonso muuone. Mukapanikiza tracking, mpatawu umachepa nawo, mpaka mawu awiri kulumikizana. Uzikhala woti diso laona kuti liwu latha, osapitirira pamenepo.

Tsopano mpata wa mizere. Mapulogalamu ambiri amaika okha pafupifupi 120 peresenti ya kukula kwa zilembo, zomwe ndi zoyenera ndime za nkhani koma zotayana kwambiri pa mutu wa zilembo zikuluzikulu. Tsitsani kufika pakati pa 85 ndi 95 peresenti, mpaka mizere igwirizane ngati chinthu chimodzi. Poyera pa pakati pa mizere pakhale pokulirapo kuposa pa pakati pa zilembo, apo ayi diso liyamba kuwerenga motsika m'malo mopingasa. Mukakhala ndi Ŵ pa mzere wachiwiri, onani kuti kadenga kake sikakugunda mzere wa pamwamba.

Podula mizere, tsatani tanthauzo. Musasiye WA, NDI kapena KU atapachikika kumapeto kwa mzere. Atsikire limodzi ndi liwu limene akulitumikira. Musadule liwu pakati ndi kamzere (-) pa mutu waukulu. Palinso kayalidwe kotchuka kosanjikiza mizere n'kukulitsa uliwonse kuti yonse ifanane m'lifupi. Kamakongola, koma chenjerani: liwu lalifupi ndi limene limakula kuposa onse, ndiye mukhoza kupezeka kuti NDI ndiye mawu aakulu pa posita yonse, pamene dzina la mwambowo lafinyika.

8. Ipezereni fonti inzake yofatsa

Fonti yonenepa yopapatiza siyolembera ndime. Nkhani ya m'munsi, tsiku, malo ndi zina zonse zilembedwe ndi fonti ya m'lifupi wamba, monga Source Sans, Noto Sans, Open Sans, kapena ya timiyendo ngati Merriweather ndi Source Serif. Musaphatikize mafonti awiri opapatiza a mabanja osiyana pa tsamba limodzi, chifukwa amafanana mokwanira kuti aoneke ngati mwalakwitsa. Mutu ukule koposa katatu kuyerekeza ndi zilembo za nkhani, ndipo muusiyire malo opanda kanthu mozungulira. Zilembo zothithikana m'kati zimafuna mpweya kunja.

9. Mitundu ndi zakumbuyo

Malangizo a WCAG, othandiza kuti zolemba za pa sikirini ziwerengeke ngakhale kwa amene maso awo saona bwino, amafuna kusiyana kwa 4.5:1 pakati pa zilembo wamba ndi mtundu wakumbuyo, ndi 3:1 pa zilembo zazikulu. Zida zoyezera zimenezi zilipo zaulere pa intaneti. Pa fonti yopanikizika musakhutire ndi 3:1, chifukwa timipata tating'ono timafuna kusiyana koonekeratu.

Zilembo zoyera pa mtundu wakuda zimachita mosiyana pa sikirini ndi pa pepala. Pa sikirini kuwala kwake kumafalikira, zilembo n'kuoneka zonenepa kuposa mmene zilili, ndiye onjezerani tracking pang'ono. Pa pepala inki yakuda ndi imene imalowerera m'mphepete mwa zilembo zoyera n'kuzidya. Zilembo zakuda pa pepala lomwa inki, ngati la nyuzipepala, zimafufuma n'kutseka timipata ta A, M ndi W.

Pewani kuzunguliza mzere m'mphepete mwa zilembo kapena kuika mthunzi wochindikala. Zonsezi zimadya poyera pomwe pachepa kale. Ngati mutu ukukhala pamwamba pa chithunzi, detsani mbali ya chithunzi imene pali mawu, kapena ikani mawuwo pa bokosi la mtundu umodzi.

10. Mukamapanga logo

Logo idzakhala zaka zambiri ndipo idzapezeka pa zinthu zimene lero simukuziganizira, ndiye apa onjezerani chisamaliro. Mukamaliza kukonza mipata, sungani kope limodzi mawu akadali otayipika, kenako sandutsani kope lina kukhala zojambula. Mu Illustrator ndi Create Outlines, Ctrl+Shift+O. Mu CorelDRAW ndi Convert to Curves, Ctrl+Q. Mu Inkscape ndi Object to Path, Shift+Ctrl+C. Zikatero logo idzatseguka chimodzimodzi pa kompyuta iliyonse, ngakhale yopanda fontiyo.

Tsopano mukhoza kuisintha kuti ikhale yanu. Sinthani chinthu chimodzi chokha, ndipo chikhale ndi chifukwa: kudula mwendo wa R mopendekeka, kutsitsa mzere wopingasa wa A kuti kabowo kake kakule, kutsegula kukamwa kwa G. Mukasintha chilembo chimene chabwera kawiri m'dzinalo, sinthani malo onse awiri mofanana.

Iyeseni ili yaing'ono: pa kachizindikiro ka mapikiselo 32 ka mu msakatuli (pulogalamu yotsegulira mawebusaiti), pa kabwalo ka chithunzi cha akaunti ya Facebook kapena WhatsApp, pa chidindo, pa cholembera. Iyeseninso yakuda yokha pa choyera, ndi yoyera pa chakuda. Ngati idzapetedwa ndi ulusi pa malaya kapena chipewa, dziwani kuti ulusi sutha kusiya kampata kopyapyala, ndiye funsani wopetayo kuti mpata wochepetsetsa umene makina ake angasiye ndi wotani. Kawirikawiri yankho limakhala kupanga logo ziwiri: yaikulu yothithikana, ndi ina ya malo aang'ono yokhala ndi mipata yotakasuka kapena kulemera kocheperapo. Dzina likakhala lalitali, konzaninso kachidule ka chilembo chimodzi kapena ziwiri ka m'tibwalo tija.

Pomaliza lembani tsamba limodzi la malamulo: dzina la fonti, nambala ya tracking, mpata wa mizere, mitundu, malo oyenera kusiyidwa mozungulira logo, ndi kukula kochepetsetsa kololedwa. Perekani mafayilo a SVG ndi PDF limodzi ndi PNG. Popanda tsambali, munthu wina adzaifinya logo yanu mwezi usanathe.

11. Pa webusaiti

Pali msampha umodzi umene umakola anthu ambiri. Anton ndi Bebas Neue za pa Google Fonts zili ndi kulemera kumodzi, kolembedwa kuti 400. Koma msakatuli amanenepetsa yekha mitu ikuluikulu ya tsamba, yotchedwa h1 ndi h2. Akapeza kuti fontiyo ilibe Bold, amaikuta ndi kunenepa kwabodza, timipata tonse n'kutsekeka. Pa mitu imeneyi lembani font-weight: 400, ndipo mukhoza kuonjezera font-synthesis: none kuti msakatuli asapeke kunenepa kapena kupendekeka kumene kulibe.

Gwiritsani ntchito mafayilo a WOFF2 chifukwa ndi opepuka. Mukamasunga fonti pa seva yanu, onetsetsani kuti mwatenga gulu la zilembo la latin-ext limodzi ndi la latin, popeza ŵ ali m'gulu limenelo. Lembani mawu mwachizolowezi ndipo muwakulitse ndi text-transform: uppercase, m'malo motayipa zikuluzikulu. Ganiziraninso chimene chidzaoneke fonti ikachedwa kutsika: mutu umene unakwana ndi zilembo zopapatiza udzasefukira ukagwera pa Arial. Ikani mafonti opapatiza pa mndandanda wa olowa m'malo, monga Arial Narrow ndi Impact, koma muyesenso pa foni, chifukwa mafoni ambiri alibe mafonti amenewa.

Kuyambira 2016 kuli mafonti osinthika, otchedwa variable, ndipo ena monga Archivo amalola kusintha m'lifupi pang'onopang'ono popanda kuononga mizere. Amenewa ndi njira yovomerezeka yopanikizira mutu kuti ukwane pa sikirini yaing'ono.

12. Iyeseni pa kukula kwake kwenikweni

Musatumize ntchito mutangoiona pa sikirini ya kompyuta. Ngati ndi posita, sindikizani mutu wokhawo pa kukula kwake kwenikweni, ngakhale pofunika kulumikiza mapepala angapo a A4. Umateni pa khoma, bwererani m'mbuyo kufika pa mtunda umene wowerenga adzaime, kenako muuonenso chammbali. Ngati ndi chithunzi cha pa intaneti, chitumizeni pa foni yanu muchione chili chaching'ono, kuwala kwa sikirini mutakutsitsa.

Itanani munthu amene sanawaonepo mawuwo, awerenge mokweza kamodzi kokha. Pamene wadodoma ndi pamene pali vuto, ndipo musamufotokozere, konzani. Yambani ndi kutsegula tracking pang'ono. Zikakanika, tsikirani pa kulemera kocheperapo m'banja lomwelo, mwachitsanzo kuchoka pa Oswald Bold kupita pa SemiBold. Zikakanikabe, tengani fonti yotambalalako, ndipo ngati pamenepo mutu sukukwananso, bwererani ku pepala lija mukadule mawu. Potumiza kwa osindikiza, perekani PDF imene mafonti ake alowetsedwa m'kati kapena asandutsidwa zojambula, ndipo pemphani kope limodzi loyesera pa pepala kapena nsalu yeniyeniyo asanasindikize zonse.